Khobidi Limene a Sredoje Anasinthanitsa

A Sredoje Beljin ndakhala nawo moyandikana m'mudzi wa Martinci kuyambira chaka chimene ndinakwatira. Mpanda wa waya ndi umene umalekanitsa khola lawo la nkhumba ndi dimba langa la kabichi, ndipo zambiri zimene ndikudziwa za iwo ndinazimvera pampanda pomwepo. Ndi munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wogontha khutu lakumanzere chibadwire. Chifukwa cha khutulo anawakana ku usilikali, pa nthawi imene atsikana ankanena poyera kuti mwamuna amene boma lamukana iwo alibe naye ntchito. Anzawo anawapatsa dzina lonyoza loti Jenerale, ndipo linawakanirira mpaka kumera imvi.

Moyo wawo wonse anagwira ntchito yoyendetsa thirakitala pa famu ya boma. Kwathu kuno aliyense amene anagwirapo khasu anatolapo khobidi la Aroma akale. Ambiri timangoliponya m'chitini cha misomali n'kuiwala. A Sredoje ayi. Mvula ikagwa pa munda wolimidwa kumene, ankaimitsa thirakitala, n'kutsika, n'kumayenda mumzere maso ali pansi, kufunafuna kanthu kobiriwira kongokwana pa chikhadabo cha chala chachikulu. Kapitawo anawakalipira kangapo, kenako anangotopa nawo.

Sankasunga khobidi lililonse. Ankafuna okhawo amkuwa onena za kupambana pa nkhondo: aja a msilikali akubaya ndi mkondo mdani amene wagwa pa hatchi, aja a mfumu ikukoka mkaidi ndi tsitsi, ndi aja a akaidi awiri okhala pansi pa mbendera manja atamangidwa kumbuyo. Akatola la mtundu wina ankasinthana ndi anzawo a ku Mitrovica, tauni ya pafupi nafe. Khobidi likabwera kunyumba linkayamba lagona m'mafuta miyezi yambiri kuti dothi lifewe. Kenako ankakhala pawindo ndi galasi lokulitsira zinthu, mswachi wakale ndi kamtengo kotokosera m'mano, kuchotsa dothilo pang'onopang'ono mpaka nkhope ya mfumu itatuluka. Akazi awo, a Smilja, ankati nkhondo zonse zimene boma linawakaniza amuna awo zili m'kabati ya kuchipinda chochezera.

Mnzawo weniweni pa zimenezi anali a Gavra Bugarski, mmisiri wa matabwa wa kumapeto kwa msewu wathu. Anakulira limodzi, ndipo a Gavra ndi amene anali kum wawo, munthu amene pomuitana timati kume: anawaimirira pa ukwati m'tchalitchi, ndiponso anabatizitsa mwana wawo Rade n'kumutcha dzina. Kwathu kuno munthu akhoza kukangana ndi mbale wake wa bere limodzi anthu osadabwa, koma kum wako sumukwezera mawu. A Gavra ndi amene anapala mathireyi a matabwa okhala ndi timaenje tozungulira, ena awo, ena a a Sredoje. Iwo ankatola chilichonse, osasankha, ndipo ankaseka a Sredoje kuti munthu amene saphako ngakhale nkhuku amakonderanji kuona anthu akukokedwa tsitsi.

Komabe khobidi lokongola kuposa onse a chipambano linagwera a Gavra. Analipeza pabwalo pawo pomwe, akukumba dzenje loti aimike mzati wa mphesa. Linatuluka m'dothi lili losalala, lobiriwira mofanana paliponse, ngati analiumba dzulo. Kutsogolo kunali mutu wa mfumu Konstantino. Kuseri kunali mkazi wamapiko akuyenda atanyamula zida zolanda ku nkhondo, phazi lake likukankha mkaidi wokhala pansi, ndipo mozungulira munali mawu onena kuti mtundu wa Asamatiya wagonjetsedwa. Pansi penipeni panali zilembo zosonyeza kuti linasulidwa ku Mitrovica komweku, mzinda ukali ndi dzina lake lakale. Nthenga za m'mapiko a mkaziyo zinkawerengeka imodziimodzi.

A Sredoje anali nalo la mtundu womwewo, koma lotha ndi dothi la m'munda, mkaidi wake akungooneka ngati chotupa. Anapempha a Gavra kuti asinthane, nalonjeza kuwonjezerapo ena abwino. A Gavra anakana. Chaka chilichonse nkhaniyo inkabuka pa phwando la woyera mtima wa banja lawo, anthu atamwako rakiya, kachasu wa kwathu kuno, ndipo yankho silinkasintha.

"Iwe Jenerale, uli ndi akaidi odzadza kabati. Ndisiyire mmodzi yekhayu. Anagona pabwalo la bambo anga nthawi yonseyi, ndi wachibale."

Onse ankaseka, a Sredoje nawo n'kusekera pamodzi.

Atapuma pa ntchito onse awiri, matenda a shuga anayamba kudya maso a a Gavra. Poyamba analeka kugwiritsa ntchito macheka a magetsi, kenako analeka kukwera njinga, mpaka anafika pongosiyanitsa kuwala kwa windo ndi mdima wa khoma. A Sredoje sanawataye. Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi ankapita kwawo. A Persa, akazi a a Gavra, ankaika khofi patebulo, a Gavra n'kutulutsa thireyi. Ankatola khobidi, kulipapasa, n'kupereka kwa mnzawo kuti awauze zimene zikuoneka, ngakhale kuti onsewo ankawadziwa kale. Ankatsutsana za mafumu amene anafa kalekale ngati akukamba za anthu a pamsewu wathu.

Tsiku lina chilimwe chili kumapeto, a Sredoje anaona kaufa kobiriwira pa makobidi angapo a m'thireyi ina. Ndi matenda a mkuwa amenewo, ndipo ukawalekerera amadya khobidi mpaka kuliboola. A Gavra sanachedwe. Anawakankhira thireyi yonse kuti apite nayo kunyumba akaikonze bwinobwino. Khobidi la mkazi wamapiko linali m'thireyi yomweyo, lopanda vuto lililonse.

Ntchitoyo anaigwira mokhulupirika. Anapala kaufako, kunyika makobidi odwalawo, kuwaumitsa pambaula, n'kuwapaka phula. Tsiku loti mawa abweza thireyi, a Smilja anali atapita kumsika ku Mitrovica. A Sredoje anatulutsa khobidi lawo lotha lija n'kuliika pambali pa la a Gavra, akuti pongofuna kuyerekeza. Anakhala pawindo nthawi yaitali. Pobwezera, lawo linalowa m'kadzenje ka m'thireyi ya a Gavra, ndipo la a Gavra linatsala m'dzanja lawo. Pondifotokozera pambuyo pake anati pa nthawiyo sanaganize kanthu. Maganizo anabwera mochedwa, kudzawathandiza kunena kuti munthu wosaona alibe nazo ntchito nthenga za m'mapiko, ndiponso kuti kukula ndi kulemera kwa makobidi awiriwo n'chimodzimodzi.

Lamulungu anabweza thireyi. A Gavra anayamba kumtunda, kutola khobidi lililonse, kulitembenuza pakati pa zala, n'kulibwezera. Ankayamikira kuti okonzedwawo asalala. Atafika pa lija, chala chawo chachikulu chinayenda kuseri kwake kamodzi n'kuima. Chinayendanso m'mphepete. A Sredoje anayang'ana kapu yawo ya khofi. A Gavra anabwezera khobidilo m'malo mwake mosamala, n'kupitirira pa lotsatira mpaka kumaliza mzere wonse.

"Wagwira ntchito, kume," anatero a Gavra. Kenako anaitana a Persa kuti awonjezere khofi.

A Sredoje anabwerera kunyumba malaya atanyowa kumsana. Khobidi limene analilakalaka zaka zonsezo sakanatha kuliika m'kabati, chifukwa a Smilja ndi aliyense wodzacheza akanalizindikira. Analikulunga m'kansanza n'kulikwirira pansi pa chitini cha mabawuti m'shedi ya thirakitala yawo yaing'ono. Sanalitulutsepo ngakhale kamodzi kuti alione. Ankati akafuna bawuti ankapita kukapempha kwa ine m'malo motsegula chitinicho, ndipo n'zoona, ndimakumbukira kuti chaka chimenecho anandivutitsa ndi mabawuti.

Lamulungu lotsatira anapitanso. A Gavra anawalandira monga mwa masiku onse, n'kutulutsa thireyi yomweyo. Anawapatsa makobidi limodzilimodzi kuti afotokoze, koma atafika pa kadzenje kaja dzanja lawo linangodumpha. A Sredoje anapirira mpaka khofi atatha, n'kutsanzika kuti nkhumba sizinadye. Sabata yotsatira anatumiza uthenga woti msana wawavuta. Kenako analeka ngakhale kutumiza uthenga. Popita kusitolo anayamba kuzungulira njira ya kumanda kuti asadutse pa geti ya a Gavra, ndipo m'tchalitchi ankaima kumbuyo, n'kutuluka anthu asanayambe kupatsana moni.

Kuzizira kutayamba inafika nthawi yopha nkhumba. Pa nyumba ya a Gavra, chaka chilichonse a Sredoje ndi amene ankasakaniza nyama ya masoseji ndi mchere ndi tsabola, chifukwa dzanja lawo linkadziwa muyezo. Chaka chimenecho sanaoneke. Ine ndinalipo, ndipo ndinamva anthu akunong'onezana pochapa matumbo kuti Jenerale wathawa kum wake chifukwa wachita khungu, alibenso phindu. A Gavra anali atakhala pampando pafupi ndi moto, ndipo anamva. Ananena mokweza kuti munthu amene wakhala pa thirakitala moyo wake wonse msana wake sukhala wabwino, anthu asiye kulankhula zopanda pake. Mawu amenewo atawapeza a Sredoje, anakhala masiku angapo osatuluka pageti.

A Persa analibe mtima wobisa choncho. Anakumana ndi a Smilja m'sitolo, anthu ali pamzere wogula buledi, n'kuwafunsa modekha ngati adokotala anawauza kuti khungu n'lopatsirana. A Smilja anabwera kunyumba nkhope itafiira, n'kuwapeza amuna awo m'shedi. Anawauza kuti sachoka pakhomopo mpaka amve chimene a Gavra anawalakwira. A Sredoje anazungulirazungulira, kenako anakhuthula chitini cha mabawuti pansi n'kufunyulula kansanza kaja. A Smilja anayang'ana khobidilo, n'kukhala pa thumba la chimanga.

"Mwabera munthu wosaona," anatero. "Amene anamunyamula Rade pa ubatizo."

Anawauza kuti apite nalo tsiku lomwelo. A Sredoje anati mawa. Mawa lake kunagwa chipale chofewa, ndipo pambuyo pake panapezeka zifukwa zina. Kawiri konse anafika pakona ya msewu khobidi lili m'thumba, n'kubwerera. A Smilja sanaulule kwa aliyense. Ankangopita okha kwa a Persa ndi mbale ya makeke, kukapirira nkhope yozizira ya mnzawoyo, ndipo kunyumba ankalankhula ndi amuna awo zofunika zokhazokha.

Chimene chinawakakamiza ndi mdzukulu. Mitengo itayamba kuphuka, mkazi wa Rade anabereka mwana wamwamuna. Mwana wa banja la a Beljin sangabatizidwe ndi wina koma kum wa banjalo, ndipo woyenera kukapempha ndi mkulu wa pakhomo. Rade, amene sankadziwa kanthu, anagula botolo la rakiya yabwino n'kuwapatsa bambo ake. A Smilja anawasitira malaya oyera, n'kuika okha khobidi lija m'thumba la jekete.

Anawapeza a Gavra ali m'chipinda chochezera, mmawa dzuwa likulowa pawindo. A Persa anatsegula chitseko, kulandira botolo, n'kubwerera kukhitchini osanena zambiri. A Sredoje anapereka pempho lawo monga mwa mwambo, ndipo a Gavra anavomera nthawi yomweyo, nafunsa kulemera kwa mwanayo ndiponso ngati watengera mphuno ya agogo ake. Kenako a Gavra anadzuka kuti apite kuseri, akupapasa khoma, n'kukana kuthandizidwa.

Apa a Sredoje anachita chinthu chimene mpaka lero akachikamba amaphimba kumaso. M'malo modikira kuti anene zoona, anaganiza zobwezera khobidilo mwakachetechete. Ananyang'ama kupita pa kabati, kukoka thireyi, n'kupeza kuti kadzenje kaja n'kopanda kanthu. Khobidi lawo lotha lija munalibe. Ali chiimire choncho, thireyi ili m'manja, anamva mawu pakhomo. A Gavra sanapite kutali, ndipo kabati imene anaipanga okha ankaidziwa kulira kwake.

"Ukutenganso lina, kapena ukubweza?"

A Sredoje anaika thireyi patebulo, kupita pamene panaima a Gavra, kutenga dzanja lawo n'kuikamo khobidi. A Gavra analipapasa kuseri, chala chikuyenda pa mapiko aja, n'kulitsekera m'dzanja. Anapempha kuti awafikitse pampando.

Atakhala pansi, a Sredoje anafotokoza zonse, za pawindo, za chitini cha mabawuti, za njira ya kumanda. A Gavra anamvetsera osawadula. Pomaliza anati anadziwa tsiku lomwe lija, chifukwa khobidi la a Sredoje linali ndi kachibenthu m'mphepete kamene iwo eni anakaonapo kambirimbiri maso akali bwino. A Sredoje anafunsa chifukwa chimene sananenere.

"Ndinkati ndikanena, udzabweza khobidi koma iwe sudzapondanso pano ndi manyazi. Ndiye ndinati ndikhale chete, Lamulungu lizikhala monga kale. Ndinakhala chete, iwe osabwerabe. Ndinaluza zonse ziwiri. Ukudziwa kutalika kwa tsiku la Lamulungu kwa munthu wosaona? Persa makobidi sawadziwa. Ndikamupatsa amati onse ndi mabatani."

A Sredoje analira, munthu wamkulu wa imvi, chipewa chili pamaondo. A Gavra sanawatonthoze. Anawasiya mpaka atamaliza, kenako anawauza kuti asavutike kufunsa za khobidi lawo lotha lija, chifukwa tsiku lopha nkhumba, alendo atabalalika, anapempha a Persa kuti awaperekeze pachitsime n'kuliponyamo. Anati pa tsiku limenelo akanakhala ndi maso akanabwera kudzawaswa mphuno. Khobidi lawo labwinolo analibwezera okha m'kadzenje kake, ndipo sananene zoti tsiku lina adzawapatsa.

Pamenepo m'pamene a Sredoje anazindikira kuti a Persa ankadziwa zonse kuyambira kuchitsimeko. Anali ataima pakhomo la khitchini, manja atapinda. A Sredoje anadzuka kuti awapepese, koma a Persa anati khofi wapsa, n'kutembenuka.

Ubatizo unachitika patapita milungu ingapo. A Gavra ananyamula mwanayo m'tchalitchi, Rade atawagwira pachigongono, n'kumutcha dzina loti Stevan. Pa phwando anthu anaona a Sredoje akudulira kum wawo nyama m'mbale ndi kuwauza pamene pali kapu, ndipo ananena kuti msana wa Jenerale wachira. A Sredoje akanatha kuzisiya choncho. Koma madzulo ake, ine ndikuthirira kabichi, anabwera pampanda n'kundiuza nkhani yonse. Sabata yomweyo anakauzanso anzawo a makobidi a ku Mitrovica, ndipo ena mwa iwo sanawaitanenso kokasinthana. Anati zinali zowayenera, ndiponso kuti kunali kosavuta kupirira zimenezo kusiyana ndi kumva anthu akuyamikira kuti ndi kum wabwino.

Anabwerera ku macheza a Lamulungu, ndipo anawonjezerapo Lachitatu. Ankawatenga a Gavra kupita nawo kuchipatala ku Mitrovica pa basi, kuwameta ndevu, ndi kuwawerengera nyuzipepala mokuwa ngati wogontha ndi mnzawoyo. Ankatsutsanabe za mafumu. Chokhacho, thireyi sinatulukenso m'nyumba ya a Gavra, ndipo a Sredoje sankaigwira pokhapokha mwini wake atawapatsa khobidi m'manja. Kutola kwawo kunazirala. Makobidi awo akadali m'kabati, koma sindinawaonenso atakhala pawindo ndi galasi lija.

A Gavra anamwalira patatha zaka zochepa, impso zitasiya kugwira ntchito. Makobidi awo onse anatenga mwana wawo wamkazi amene amakhala ku Novi Sad. Pamaliro a Sredoje ananyamula nawo bokosi.

A Persa akadali moyo, ndipo mpaka lero sawatchula a Sredoje kuti kume. Amangoti "bambo a Rade". Ali ndi munda waung'ono kuseri kwa nyumba umene sangathe kulima okha. Chaka choyamba cha umasiye wawo a Sredoje anapita ndi thirakitala osafunsa, kuulima, n'kubwerera osagogoda pachitseko. A Persa sanawathamangitse, sanathokozenso. Tsopano chaka chilichonse masamba akayamba kugwa, a Sredoje amakalima mundawo, ngakhale kuti kukwera thirakitala kwayamba kuwavuta. Chaka chatha a Persa anatulutsa kapu ya khofi ndi kagawo ka keke, kuziika pa chipupa cha mpanda, n'kulowa m'nyumba. A Sredoje anazimitsa injini, kumwa khofiyo ataimirira, kutsuka kapu pampopi wa panja, n'kupitiriza mizere imene inatsala.